"Tiyesetsa" Si Cholinga

Nyengo ino ndayendera magulu angapo a alimi, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chandidetsa nkhawa. Ndikafunsa wapampando kuti chaka chino mwagwirizana zotani, yankho limakhala limodzimodzi: "Alangizi, tiyesetsa." Kuyesetsa chiyani? Mpaka pati? Pofika liti? Pamenepo anthu amangoti zii, n'kumayang'anana. Ndikabwerera pakatha mwezi ndimapeza maenje a manyowa akumbidwa theka, mbande zafota pa nazale, mamembala akulozana zala.

Mawu akuti "tiyesetsa" alibe muyeso. Wokumba dzenje limodzi wayesetsa, wokumba asanu wayesetsanso, ndipo pamsonkhano onse amaomberedwa m'manja mofanana. Wakhama uja amaona kuti anzake akumudyera masuku pamutu, sabata yotsatira amafika dzuwa litakwera. Ndimo mmene gulu limafera, popanda wokangana ndi mnzake. Katswiri wina wa zaulimi wa ku France, Max Ringelmann, analemba m'chaka cha 1913 zimene anapeza atayeza anthu okoka chingwe: akamachuluka, aliyense amakoka mofooka kusiyana ndi mmene amakokera ali yekha. Pamene gawo la munthu silikuoneka, mphamvu zake amazibisa. Ndiye inu atsogoleri a magulu mukuwonjezera mamembala chaka ndi chaka koma simukumupatsa aliyense gawo lake, mukuyembekeza zotani?

Ndikati ikani cholinga chokhala ndi nambala, ndatopa nako kumva kuti "nambala zimagawanitsa anthu" kapena kuti "takhala tikuchita chonchi kuyambira kale." Kaleko munakolola chiyani? M'chaka cha 1975 ofufuza awiri, Gary Latham ndi mnzake Baldes, anafotokoza za madalaivala a malole onyamula mitengo ku America. Pouzidwa kuti achite mmene angathere, ankapakira pafupifupi 60 pa 100 ya katundu amene lamulo limalola. Atapatsidwa cholinga chomveka cha 94 pa 100, patangopita miyezi yochepa anayamba kufika cha m'ma 90, malipiro osawonjezedwa ngakhale pang'ono. Anthu omwewo, malole omwewo. Wofufuza wina, Edwin Locke, anali atanena kale mu 1968 kuti cholinga chachindunji, chovutirapo koma chotheka, chimabala zambiri kuposa chosavuta kapena chosamveka.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi mayi wina amene ananditsatira msonkhano utatha. Anati, "Alangizi, ine musandione ngati waulesi. Tsiku logawana ntchito apampando ananena pamaso pa anthu kuti awa asiyeni, sangathe. Ndiye ndivutikirenji?" Zaka ziwiri pagulupo akungotumidwa kukatunga madzi othirira. Ndinapita kukaona munda wawo. Akalozera owongoka bwino, manyowa okhwima, mitengo yonse yamoyo. Gulu lakhala likusowa woyang'anira nazale, chonsecho munthu wake anali pomwepo atasenza ndowa.

Atsogoleri, zimene mumaganiza za munthu sizibisika. Zimaonekera pa ntchito imene mumamupatsa, pa mmene mumamudulira mawu, pa kusamufunsa maganizo. Ofufuza ena awiri, Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson, anaonetsa zimenezi mu 1968. Anauza aphunzitsi kuti ana ena atsala pang'ono kutseguka nzeru, pamene anawo anangosankhidwa mwamaere. Pakutha pa chaka anawo anapitadi patsogolo kuposa anzawo, makamaka m'makalasi oyambirira. Mphunzitsi amene akuyembekezera zabwino amaleza mtima, amafotokoza kawiri, amapereka mpata woyankha. Wapampando amene anagamula kale kuti uje sangathe amachita zosemphana ndi izi, kenako n'kumati, "Mwaona, ndimanena ine."

Zochita mukuzidziwa kale, sinditaya nthawi. Khalani pansi sabata ino, musankhe zolinga ziwiri kapena zitatu basi, chilichonse chikhale ndi nambala, tsiku lomalizira ndi dzina la woyang'anira. Nambalayo ikwere pang'ono kuposa ya chaka chatha, koma isakhale yoti anthu aseke, ndipo aitchule ndi mamembala eni ake chifukwa cholinga chongowagwera sachisamala. Mlembi alembe m'kaundula, muziwerenga pamsonkhano uliwonse kuti aliyense amve pamene mwafika. Amene mwakhala mukuwapatsa ntchito zopepuka muwapatse imodzi yolemera, muwauze pamaso pa gulu kuti mukuwadalira. Ndikadzabweranso mwezi wamawa ndidzayamba ndi kaundulayo, kenako tidzapita ku nazale.