Ana ambiri, kiyibodi imodzi: kupeza nthawi ya nyimbo pophunzitsira ana pakhomo

Makolo amene mukuphunzitsira ana anu kunyumba kuno ku Blantyre, ambiri mumandifunsa kuti masamu, Chichewa ndi Chingerezi zikadzaza tsiku, nyimbo muzilowetsa pati. Ena mumazisiyira Loweruka. Koma Loweruka pali zochapa, ulendo wa kumsika ku Limbe, ukwati kapena zovuta kwa anansi, ndipo mwezi umatha mwana asanagwireko chida choimbira.

Yambani ndi mawu, onse pamodzi, tsiku lililonse. Mphindi 10 zokha mukatha kumwa phala, mabuku asanatsegulidwe. Lembani do, re, mi, fa, so, la, ti, do pabolodi kapena pakatoni, monga amachitira aphunzitsi a kwaya kutchalitchi, ndipo muzikwera ndi kutsika nawo musanaimbe nyimbo imodzi yodziwika. Wa zaka 4 aziomba m'manja kapena kugwedeza maseche, amsinkhu wapakati atsogolere, akuluakulu ayesere alto ndi besi. Apa kuchulukana kumakupindulirani, chifukwa mwana amene ali yekha pakhomo sangaphunzire kugwira mawu ake wina akuimba ena pambali pake.

Pa chida ndi pamene pamabuka mikangano. Ana asanu ndi mmodzi, aliyense mphindi 15, ndi ola ndi theka, ndipo nthawi imeneyo mulibe. Pakiyibodi kapena gitala pazikhala okhawo amene afika zaka 7 kapena 8. Akakhala atatu, ndi mphindi 45 basi. Lembani mayina ndi nthawi papepala, mumate pakhoma. Wina akamaimba, anzake azilemba ntchito yosafuna inu pafupi, ndipo mahedifoni amathandiza kuti phokoso lisawasokoneze.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: madzi akatuluka mochedwa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chirimba, amene amatumidwa ndi ndowa ndi mtsikana, ndipo mphindi zake zimapita kwa mlongo wake. Chonde, nthawi ya mtsikana ikadyedwa ndi ntchito, ibwezedwe tsiku lomwelo.

Magetsi akazima musayimitse phunziro. Pogula kiyibodi funsani ngati imalola mabatire. Apo ayi, tsiku limenelo likhale la ng'oma, chitoliro kapena kuwerenga manotsi a nyimbo.

Simufunika mphunzitsi wa mwana aliyense. Kambiranani ndi woimba kiyibodi wa kumpingo kwanu kuti azibwera ola limodzi pa sabata, aziphunzitsa akuluakulu awiri, aang'ono atakhala pamkeka kumvetsera, inunso muli pomwepo. Zimene aphunzira azipatsira azing'ono awo m'kati mwa sabata, koma wamkuluyo asasanduke mphunzitsi mpaka kusowa nthawi yakeyake.

Amene ali mu Sitandade 8 musamuchotse pa maphunziro a nyimbo. Mayeso a PSLCE a MANEB ali ndi pepala la Arts and Life Skills, ndipo nyimbo ndi gawo la phunziro la Expressive Arts kupulaimale. Mayeso akayandikira, mungomuchepetsera masiku a pachida, koma kuimba kwa m'mawa azikhalapo.

Poti nyumba zathu m'makomboni n'zoyandikana, ng'oma ziziimbidwa masana, cha m'ma 3 koloko, ndipo muyambe mwawauza a pakhomo loyandikana nanu, makamaka ngati ali ndi khanda kapena wodwala.