Momwe mungayambitsire kanyumba kosungiramo mbiri ya kwanu

Ife kuno ku Angónia tinayambira m'chipinda chimodzi chomwe kale ankasungiramo matumba a feteleza. Anzathu a ku Tsangano ndi ku Furancungo akhala akundiimbira foni kufunsa kuti tinachita bwanji, ndiye ndati ndingolemba pamodzi kuti aliyense awerenge yekha.

Choyamba, sonkhanitsani anthu. Lamulo la mabungwe la 8/91 limafuna anthu osachepera 10 kuti gulu lizindikirike ndi boma, koma musangotola anzanu a pa WhatsApp kuti chiwerengero chikwane. Mukhale mphunzitsi, mayi wodziwika mu mpingo, anamkungwi, nduna ya mfumu, ndi wachinyamata wodziwa kujambula ndi foni. Zokaonekera kwa amfumu musanayambe sindinena, mukuzidziwa. Mukachoka kumeneko pitani ku ofesi ya SDEJT (yoona za maphunziro, achinyamata ndi ukadaulo) ya m'boma lanu, poti nkhani za chikhalidwe zimadzera kumeneko. Dziwaninso kuti pali lamulo la 10/88 loteteza chuma cha chikhalidwe. Mukamva kuti pena pake pakupezeka mapale kapena mikanda yapansi, musatenge makasu kukakumba. Kanenani ku ofesi.

Chachiwiri, gwirizanani kuti mukufuna kusunga mbiri iti. Ife tinasankha zinayi: kubwera kwa Angoni a Maseko ku Domwe, mishoni ya Lifidzi, nthawi ya chibalo, ndi zaka zomwe anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo isanathe mu 1992. Ambiri amaganiza kuti chinthu chakale ndi chishango ndi nthungo basi. Ayi. Khadi lolandirira ufa ku msasa wa othawa nkhondo ndi mbiri. Chitupa cha msonkho cha nthawi ya Apwitikizi ndi mbiri. Mayi wina anatibweretsera kampoto kophwanyika khutu komwe anasenza usiku wodutsa malire, ndipo ndi pamene ana asukulu amaima nthawi yaitali kuposa pena paliponse.

Chachitatu, kulandira zinthu. Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ife tinapsa.

Mwezi woyamba kunabwera mnyamata wina atamanga ng'oma pa njinga. Ng'oma yeniyeni, mtengo wake wakuda ndi manja a anthu, chikopa chong'ambika mbali imodzi. Anati inali ya agogo ake omwe anamwalira, ndipo kunyumba ikungodyedwa ndi chiswe. Tinasangalala, tinamuthokoza, tinamugulira ndi chakumwa. Palibe chomwe tinalemba. Patapita miyezi itatu anafika atsibweni ake, mwini mbumba, limodzi ndi amayi awiri. Sanakalipe. Anangokhala pa benchi n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, ng'oma ya mtundu wathu yafika bwanji muno ine osamva?" Ndinasowa pogwira. Mnyamata uja anali atapita kukagwira ntchito ku Moatize, ndipo pa foni anasintha mawu, akuti iye anangotibwereka. Nkhani inafika pabwalo la amfumu. Ng'oma tinabweza, tinapepesa ndi nkhuku, koma chomwe chinatipweteka ndi mbiri yomwe inawanda m'midzi yoti gulu lija limalanda zinthu za amasiye kuti likagulitse kwa azungu. Mabanja awiri anadzatenga katundu wawo, ndipo kwa nyengo yonse ya mvula palibe anabweretsa ngakhale chipande.

Ndiye chitani chonchi. Musalandire kanthu tsiku lomwe kabwera. Funsani kuti mwini wake ndani, ndipo kumbukirani kuti kwathu kuno chinthu cha makolo sichikhala cha amene wachinyamula, chimakhala cha mbumba. Pitani nokha kunyumbako, anthu awiri, mukakhale pansi ndi mwini mbumba ndi amayi aakulu a pakhomopo. Kumene amatsata za kuchimuna, monga mabanja ena achingoni, funsani wamkulu wa mbali ya bambo. Funso lalikulu ndi limodzi: mwatipatsa kapena mwatibwereka? Yankho lilembedwe pa mapepala awiri ofanana, lina lanu lina lawo, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi. Pakhale dzina la chinthu, mudzi, amene ankachigwiritsa ntchito, tsiku, ndi malo owonongeka omwe chabwera nawo. Ngati n'chobwereka, lembani mwezi wobweza, komanso kuti banja lili ndi ufulu wodzachitenga pakagwa mwambo kapena maliro. Osadziwa kulemba adinde chala, ndipo nyakwawa kapena nduna yake isaine ngati mboni. Jambulani chinthucho chili m'manja mwa eni ake.

Mukafika nacho, chipatseni nambala, monga 2024/017, mulembe pa kakatoni n'kumangirira ndi ulusi. Musalembe ndi penti pa chinthu chenichenicho. Nambala yomweyo ilowe m'buku lalikulu lachikuto cholimba. Gulani buku losokedwa, osati la waya, chifukwa la waya tsamba limazuka popanda wodziwa.

Za Gule Wamkulu ndinene padera. Inde, UNESCO inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, ndipo alendo amafuna kuona. Koma zimenezo sizikupatsani chilolezo chopachika za kudambwe pakhoma. Wina akabwera nazo m'thumba, musatsegule n'komwe, itanani akuluakulu a mwambo. Ife anatilola zithunzi za pabwalo zokha, ndipo zatikwanira.

Chenjeraninso ndi ogulitsa. Mbiri ikangomveka, amabwera anyamata ndi nkhwangwa ndi zibonga zoti n'za nkhondo ya Angoni. Nunkhizani. Zambiri zimakhala zosemedwa mwezi watha, n'kuzipachika pa utsi wa m'khitchini ndi kuzipaka polishi wa nsapato. Ife tinagwirizana kuti sitigula chilichonse, ngakhale chotchipa bwanji, poti mukangogula chimodzi ana ayamba kuba za agogo awo.

Chachinayi, kusunga. Adani ndi chiswe, chinyezi, makoswe ndi denga lodontha. Kalikonse kakhale pamwamba, kotalikirana ndi khoma. Mashelefu achitsulo ndi odula koma amatha nkhani. Mukasankha amatabwa, kaoneni nokha kuti ndi ouma, chifukwa kalipentala wina anatikhomera aawisi, ndipo pofika mwezi wa June anali atapindika ngati uta. Magalasi a makabati ku Tete amatchipirako kuyerekeza ndi kuno, koma muwerengere ndi osweka pa chapa (minibasi). Chinthu chatsopano chamtengo kapena chachikopa chikhale pachokha masabata angapo pa pepala loyera. Mukaona kaufa kagwa pansi, muli tizilombo. Mapepala ndi zithunzi musamate ndi selotepi, ndipo chitupa chakale musachipititse ku makina opanira pulasitiki aja. Ikani m'maenivelopu, pakhoma mupachike fotokope.

Chachisanu, ndalama. Ife membala aliyense amasonkha 50 meticais pamwezi, ndipo amene ali ku Maputo kapena ku Joni amatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola. Chopereka chachikulu pemphani anthu atagulitsa kachewere kapena fodya, osati mu Januwale. Wopanda ndalama abweretse njerwa, nsungwi kapena tsiku limodzi losesa. Ndalama zisatuluke popanda anthu awiri kusaina, ndipo ziwerengedwe poyera pamsonkhano.

Zotsalazo n'zosavuta. Jambulani mawu a agogo pa foni akadali moyo, muwapemphe kaye, ndipo musunge m'malo awiri. Mawu ofotokozera akhale aafupi, m'zilankhulo ziwiri. Itanani sukulu kalasi imodzi imodzi, osati onse pamodzi. Makiyi akhale awiri, kwa anthu awiri osiyana. Tsegulani tsiku la msika ndi Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi, ndipo pakhomo pakhale buku la alendo ndi cholembera chomangirira pachingwe.