Momwe mungachotsere mchenga ndi litsiro m'timipata ta galimoto ndi zinthu za pakhomo

Galimoto yoyenda misewu ya kuno ku Mangochi imatha kuwala pamwamba koma mchenga uli thoo m'malo obisika. Mukangopita ku Makanjira kapena kutsikira ku Chembe, fumbi limalowa m'mphepete mwa magalasi, kuseri kwa zogwirira zitseko, m'zilembo za kumbuyo ndi pansi pa mawaipa. Anyamata otsuka magalimoto pa boma safika m'menemo, ndipo sitingawadzudzule, poti amalandira ndalama pa galimoto iliyonse ndiye amathamangira yotsatira. Koma litsiro lotsalira m'timipatamo ndi lomwe limasunga chinyezi, kenako mumangoona penti ikutupa ndi dzimbiri.

Zida zake muli nazo kale. Pezani miswachi iwiri yakale yofewa, burashi yaing'ono yopentera, timitengo ta thonje totokosera m'makutu, zotokosera m'mano, malaya akale a kotoni, sopo wamadzi wotsukira mbale, viniga woyera ndi botolo la pulasitiki. Botololo muboole chivindikiro ndi msomali kuti mukalifinya lizitulutsa madzi mwamphamvu. Burashi yopenterayo muikulunge tepi pa chitsulo chake, apo ayi ikanda penti. Mswachi umodzi muumange kansanza kuti muziuzindikira. Umenewo ndi wa marimu basi, usakhudzenso thupi la galimoto.

Za mankhwala aja amagulitsa m'mabotolo a madzi opanda chizindikiro, akuti amawalitsa chilichonse, ine ndimakana. Simudziwa chomwe athiramo. Ena amanunkha palafini, ena amatuwitsa pulasitiki yakuda ya pa bampala, ndipo wogulitsayo mawa simudzamupeza pamalo pomwepo. Ngakhale mankhwala enieni a m'mashopu, mtengo wake ndi wokwera.

Gwirani ntchitoyi m'mawa kapena dzuwa litapendeka, galimoto ili pamthunzi. Kutentha kwa kuno, makamaka Okutobala ndi Novembala, kumaumitsa sopo musanatsukuluze ndipo amasiya mawanga.

Choyamba ndi madzi. Musayike mswachi pamalo ouma ngakhale pang'ono. Mchenga wa kunyanja ndi wolimba kuposa penti, ndiye mukaukwecha wouma zimakhala ngati mwapala ndi sandipepa. Finyirani madzi m'kampata kalikonse kuyambira padenga kutsika, mudikire pang'ono kuti litsiro lifewe, mufinyirenso. Mukatero sungunulani sopo pang'ono m'kabeseni, madontho ochepa chabe chifukwa sopo wa mbale amachotsa polishi. Viikani mswachi n'kumayendetsa mopepuka motsatira mzere, osati modutsa. Muzitsukuluza mswachiwo pafupipafupi. M'zilembo ndi m'chizindikiro cha galimoto gwiritsani ntchito thonje la m'makutu, ndipo musamakanule ndi chotokosera m'mano chifukwa zilembo zambiri anangozimata ndi tepi. Pakati pa galasi ndi labala, kulungani kansanza konyowa pa khadi yakale ya pulasitiki n'kuyendetsa pang'onopang'ono.

Tsopano malo omwe ndikufuna muwasamale kwambiri. Tsegulani boneti muyang'ane kumunsi kwa galasi lakutsogolo, pomwe pali pulasitiki yakuda ya timabowo pansi pa mawaipa. Madzi onse otsetsereka pagalasi amagwera m'menemo, kenako amatulukira m'mabowo a kumakona awiri n'kutsikira kuseri kwa matayala akutsogolo. Mpweya wolowa m'kati mwa galimoto mukayatsa fani umachokeranso pomwepo. Ife timakonda kuimika galimoto pansi pa mtengo wa mango kapena wa nimu pothawa dzuwa, ndiye masamba, maluwa ndi fumbi zimadzazana m'menemo chilimwe chonse. Mvula ikagwa zimasanduka thope n'kutseka mabowo aja.

Galimoto yanga inandichitira zimenezi mvula yoyamba itangogwa. Kapeti ya mbali ya wokwera kutsogolo inali yonyowa, magalasi ankachita nthunzi m'mawa uliwonse, ndipo fungo la chuku silinkachoka. Makanika wina anandiuza kuti galasi lakutsogolo likudontha, lichotsedwe limatidwenso, n'kutchula mtengo wokwera zedi. Chonsecho vuto linali thope lodzaza chibakera pakona imodzi. Madzi atasowa potulukira anakwera n'kulowera pa bowo la fani.

Kuti mukonze pamenepo, yambani mwatola masamba ndi manja zikadali zouma, apa pokha ndi pomwe madzi amabwera pambuyo. Mukathira madzi masamba asanachoke mumangowakankhira m'bowo. Zotsalira m'timabowo zisesereni kunja ndi burashi yopentera. Kenako tengani kachingwe ka pulasitiki kolimba koma kopindika, monga ulusi wokhuthala wa mbedza womwe asodzi amagwiritsa ntchito, mukalowetse pakona n'kumakasuntha mofatsa. Waya wa hang'ala ayi: umapala penti ya m'katimo n'kuyambitsa dzimbiri pomwe simungaone, komanso pafupi pomwepo pamadutsa mawaya a magetsi. Mukamaliza thirani madzi okwana kapu imodzi pang'onopang'ono pakona iliyonse, muwerame muyang'ane kuseri kwa tayala. Akamatuluka msanga ndiye kuti njira yatseguka. Akachedwa, bwerezani. Musathire ndowa yonse kamodzi musanatsimikize, chifukwa madziwo akakathera pa kapeti.

Mabowo ngati omwewa alinso kunsi kwa chitseko chilichonse. Tsegulani chitseko, pisani dzanja pansi pake, muwamva. Chotokosera m'mano chimakwanira. Ngati mumamva madzi akukhuchumuka m'chitseko mukamatseka, ndiye kuti atsekeka kale. Kabowo kena kali pa kachitseko ka mafuta. Pukutani pamenepo chivindikiro chili chotseka kuti mchenga usagwere m'thanki.

A Sienta ndi magalimoto ena a zitseko zokoka, njanji ya chitseko imagwira mchenga kwambiri chifukwa cha girisi. Pukutani girisi wakudayo ndi nsanza, mupake watsopano pang'ono, osasiya pouma. Onyamula nsomba, tsukani bwino ngalande yozungulira buti ndi pansi pa labala wake, poti madzi a nsomba amaima m'menemo ndipo fungo limachokera pomwepo.

Ngati mumatsukira madzi a pa mjigo, mwina mwaona timawanga toyera m'mphepete mwa magalasi ndi pa zonyezimira. Ndi mchere wa m'madzimo. Sakanizani viniga ndi madzi mofanana, pakani ndi thonje, mutsukuluze usanaume.

Zotsalazo n'zosavuta. Girilu yakutsogolo, burashi yopentera ndi madzi a sopo, tizilombo tomatirira tiyambe tanyowa. Marimu ndi mozungulira manati, mswachi wa kansanza uja. Mkombero wa madigadi, pisani zala mukokolole thope. Timabowo topopera madzi pagalasi, kasingano. Nambala ya galimoto ngati ndi ya masikuluwu imasuleni mupukute kuseri. Pomaliza umitsani ndi malaya aja, mutsegule zitseko zonse kwa kanthawi, ndipo malabala muwapake gilisalini pang'ono kuti asang'ambike ndi dzuwa.