Kuyesa mankhwala a nkhawa ndi kukhumudwa pa mbewa zopanikizidwa

Mbewa singakuuzeni kuti yakhumudwa. Chimene mungayeze ndi khalidwe lake: kuthawa anzake, kusiya kukonda zotsekemera, kuopa poyera. Ntchito yonse yagona pa kubweretsa khalidwe limeneli mofanana pa mbewa zonse, kenako kuona ngati mankhwala akulibweza m'chimake. Musanagwire mbewa ngakhale imodzi, ndondomeko yanu ivomerezedwe kaye ndi komiti yoona za chisamaliro cha nyama za kafukufuku.

Ambiri amagwiritsa ntchito mbewa zazimuna za mtundu wa C57BL/6J, za masabata 8 mpaka 10. Zikafika, zipume sabata yathunthu m'chipinda chotentha madigiri 20 mpaka 24, magetsi akuyaka maola 12 ndi kuzima maola 12. Wozigwira akhale mmodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kafukufuku wa mu 2014 wa ku yunivesite ya McGill ku Canada anaonetsa kuti fungo la munthu wamwamuna palokha limapanikiza mbewa, choncho kusinthasintha anthu kumasokoneza zotsatira.

Kuzipanikiza

Njira yodalirika ndi yogonjetsedwa ndi mbewa yolusa kwa masiku 10. Pezani mbewa zazimuna zazikulu za mtundu wa CD-1 zomwe zinapuma pa ntchito yobereketsa, muziyese masiku atatu, musankhe zokhazo zimene zimayamba ndewu masekondi 60 asanathe. Tsiku lililonse ikani mbewa yanu m'khola la CD-1 kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako muiike kuseri kwa chotchinga cha pulasitiki choonekera mkati, chokhala ndi timabowo. Ikhale pamenepo mpaka mawa, ikuona ndi kununkhiza mdani wake koma osalumidwa. Mawa lake ikumane ndi CD-1 ina. Mbewa zofananitsira zikhale ziwiriziwiri za mtundu umodzi, chotchinga chili pakati, popanda ndewu.

Apa chimene chimaononga kafukufuku ndi mabala. Mbewa yolumidwa kwambiri imayenda pang'ono chifukwa cha ululu, inu n'kulemba kuti yakhumudwa. Yang'anani msana ndi mchira tsiku lililonse, fupikitsani nthawi ndewu ikakula, ndipo yovulala kwambiri ichotsedwe.

Pa tsiku la 11 ikani mbewa m'bokosi lomwe lili ndi kakhola kawaya kopanda kanthu kwa masekondi 150, kenako masekondi ena 150 m'kakholamo muli CD-1 yachilendo. Gawani nthawi imene yakhala pafupi ndi kakholako ulendo wachiwiri ndi nthawi ya ulendo woyamba. Yankho likachepera 1, mbewayo yakhudzidwa. Pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse imapirira, ndipo mukazisakaniza mosasamala gulu lina lidzaoneka ngati lachira pomwe silinadwale n'komwe.

Kupereka mankhwala

Gawani mbewa mwamaere m'magulu: zosapanikizidwa zolandira madzi amchere a 0.9%, zopanikizidwa zolandira madzi omwewo, zopanikizidwa zolandira mankhwala odziwika kale, ndi zopanikizidwa zolandira mankhwala atsopano amene mukuyesa, makamaka pa milingo itatu. Mankhwala odziwika amene ambiri amafananitsira ndi fluoxetine, 20 mg pa kilogalamu tsiku lililonse kwa masiku 28. Mu 2006 Olivier Berton ndi anzake anaonetsa kuti jakisoni mmodzi sathetsa kuthawa anzake koma wa milungu inayi amathetsa, monga mmene mankhwalawa amachedwera kugwira mwa anthu. Ketamine, mankhwala enanso a kukhumudwa, ndi wosiyana: amagwira patangopita maola mutabaya kamodzi.

Bayani m'mimba, chakumunsi kumanja, ndi singano ya 25G mpaka 27G (G ndi muyeso wa kunenepa kwa singano), mutu wa mbewa utapendekera pansi kuti matumbo asunthire kutali ndi singano. Mlingo wa madzi ndi 10 ml pa kilogalamu. Pa fluoxetine mukonza 2 mg pa mililita, ndipo mbewa ya magalamu 25 ilandira 0.25 ml. Muziziyeza pasikelo kawirikawiri chifukwa kulemera kumasintha. Mabotolo alembedwe manambala okha ndi munthu wina, kuti wobaya ndi wowerenga zotsatira asadziwe gulu lililonse.

Mayeso

Yambani ndi opepuka, ovuta adzakhale kumapeto, ndipo pakati pake pazidutsa tsiku. Mbewa zilowe m'chipinda choyesera ola limodzi nthawi isanakwane. Pukutani zida ndi ethanol wa 70% mbewa iliyonse ikatuluka, ziume ndithu.

Poyeza nkhawa, ikani mbewa pakati pa njira yopingasa ngati mtanda yotchedwa elevated plus maze, yokwera masentimita 40 mpaka 50, yokhala ndi nthambi ziwiri zotchingidwa ndi ziwiri zapoyera. Jambulani vidiyo mphindi 5. Yamantha imakakamira kotchingidwa. Mayesowa ndi a kamodzi kokha, chifukwa ulendo wachiwiri ngakhale diazepam, mankhwala odziwika ochepetsa nkhawa, sasinthanso khalidwe lake kwenikweni.

Pa zotsekemera, ikani mabotolo awiri, lina la madzi okha lina la madzi a shuga wa 1%, mbewa ili yokha m'khola, muyeze mmene yamwera pa botolo lililonse. Sinthanitsani malo a mabotolo pakati pa nthawi yoyesa, popeza mbewa zina zimangokonda mbali imodzi. Botolo lodontha limanamiza kwambiri, ndiye siyani ena pa khola lopanda mbewa kuti mudziwe otayika okha.

Mayeso osambiritsa mbewa, amene Roger Porsolt anayambitsa mu 1977, akhale omaliza: madzi a madigiri 23 mpaka 25, akuya moti mchira sukhudza pansi, mphindi 6, muwerenge nthawi imene ikungoyandama osapalasa m'mphindi 4 zomaliza, kenako muumitse mbewayo pamalo ofunda. Musadalire kwambiri mayesowa. Kuyandama, komwe kumatengedwa ngati chizindikiro cha kukhumudwa, kungakhale njira yosungira mphamvu chabe, ndipo mankhwala aliwonse othamangitsa thupi amachepetsa kuyandamako. N'chifukwa chake muyezenso mtunda umene mbewa ikuyenda m'bokosi lapoyera kwa mphindi 10. Ngati ukuchuluka, zotsatira za m'madzi zija sizinganene kanthu za kukhumudwa.

Dziwaninso kuti CD-1 kawirikawiri siukira mbewa zazikazi. Kuti muyese zazikazi, gwiritsani ntchito zovuta zing'onozing'ono zosinthasintha kwa masabata 4 mpaka 6, monga kupendeketsa khola, kunyowetsa utuchi ndi kusintha nthawi ya magetsi, ndipo zotsatira zake muziwerenge pazokha.