Zomwe zikuthawitsa makasitomala pa Facebook ndi WhatsApp, ndi momwe mungazikonzere

Kuchokera ku Ulongwe, Domue, Tsangano, Furancungo mpaka kutsika ku Zobue ndi Moatize, masiku ano aliyense wa geni ali pa foni. Wa kachewere akuposita, wa makapulana akuposita, wa saluni, wa sipeya za njinga zamoto, wophika makeke a ukwati, onse ali pomwepo. Ndipo zimandisangalatsa chifukwa kale kuti anthu akudziwe umayenera kulipira chilengezo pa wailesi kapena kudikira tsiku la msika. Koma chomwe chimandiwawa nchoti ambiri akuwotcha ma megas tsiku ndi tsiku koma osagulitsa kanthu, kenako nkumati anthu alibe ndalama, chonsecho katundu wawo ndi wabwino bwino, vuto ndi mmene akudzionetsera. Munthu wapa foni sakukuonani, sangagwire katundu, ndipo mwina anaberedwapo kale ndi wina, nde chilichonse chomwe mwaposita akuchiwerenga ndi funso limodzi lokha mumtima, kodi ameneyu ndingamukhulupirire ndi ndalama zanga? Masitepe ali mmusiwa onse akuyankha funso limenelo.

Choyamba, patulani geni ndi moyo wanu

Ambiri akugulitsira pa akaunti yawo yomwe ija ya Facebook, lero mtengo wa nyemba, mawa zithunzi za ku maliro, mkuja kukangana za mpira. Kasitomala akalowa sakudziwa ngati ili ndi shopu kapena bwalo la macheza. Tsegulani peji ya bizinesi, ndi yaulere, komanso akaunti ya munthu imathera pa anzanu 5000 pomwe peji ilibe malire otero. Ku WhatsApp chimodzimodzi, tsitsani WhatsApp Business, nayonso ndi yaulere, ndipo ngati mungathe igulireni SIM yakeyake. Mukatero dzazani zonse, dzina la geni, zomwe mumagulitsa, nthawi yomwe mumatsegula ndi kutseka, komanso malo. Pa malo musangolemba kuti Angonia ayi, Angonia ndi yaikulu, lembani mmene mungamulondolere mlendo pakamwa, msika uti, mbali iti, pafupi ndi chani. Nambala ilembeni yonse kuyambira +258 chifukwa ife a mmalire ena mwa makasitomala athu ali ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, akaona nambala yongoyambira 84 kapena 86 ena amasokonezeka nkusiya.

Chachiwiri, lembani mtengo

Apa nde ndikhalitsapo chifukwa ili ndi tchimo lalikulu. Munthu waposita nsapato zokongola, wina wafunsa "zingati?", yankho "inbox". Wachiwiri wafunsa, "inbox". Pofika wakhumi onse apita kwa wina amene analemba mtengo poyera. Ndimamva chifukwa chake, ena amaopa kuti anzawo a geni yomweyo aona mtengo nkutsitsa wawo, ena amafuna ayambe amuyeza kasitomala kuti ameneyu akuoneka wa ndalama kapena ayi. Koma anzanuwo mtengo wanu akuudziwa kale, atuma mwana kudzafunsa basi, ndipo kasitomala naye si wopusa, akangoona inbox amaganiza kuti mtengo ukusintha malinga ndi nkhope. Palinso ena ambiri amanyazi omwe safunsa nkomwe, amaopa kuti akauzidwa mtengo woti sangakwanitse achita manyazi pobwerera, amenewo mumawataya osadziwa kuti analipo.

Nde positi iliyonse ikhale ndi chinthucho, muyeso wake, mtengo, komwe chili, ndi mmene munthu angalipirire. Muyeso ndi nkhani yaikulu kwa a zokolola, "thumba la kachewere" silikutanthauza kanthu ngati simunanene kuti ndi la makilo angati, kapena ndi ndowa zingati, komanso ndi wamkuluwamkulu kapena wosakaniza. Nenaninso ndalama yake, ndi meticais kapena kwacha, chifukwa munthu wa ku Calomue pa malire ndi Malawi ndi wa mu mzinda wa Tete akaona 500 yopanda chizindikiro aliyense awerenga zake. Ngati transipoti ndi yapadera nenani pomwepo, osadikira munthu atumize ndalama kenako muzimuuza kuti pakufunikanso ya chapa. Ndipo poti mitengo ya zakumunda imasintha sabata ndi sabata, ikani deti, katundu akatha bwererani pa positi ija mulembe kuti zatha.

Chachitatu, jambulani katundu wanu weniweni

Kutenga chithunzi cha keke kapena diresi pa intaneti nkuika ngati ntchito yanu kumabweretsa oda imodzi, ndi mkangano umodzi, kenako mbiri yoipa mtauni monse. Foni yomwe muli nayoyo ikukwana. Pukutani kamera ndi kansalu, tulutsani katundu panja mmawa kapena madzulo dzuwa lisanalowe, muike pa nsalu yoyera kapena pa mphasa yabwino, chotsani ndowa ndi nsapato zakutha zomwe zili kumbuyo. Ngati chovala cha kaunjika chili ndi kabowo kajambuleni kabowoko, mudzadabwa kuti anthu amayamba kukukhulupirirani pa zina zonse. Mavidiyo akhale aifupi, anthu kuno amagula ma megas pang'onopang'ono ndipo kumidzi netiweki imavuta, vidiyo ya mphindi zisanu palibe aitsegule. Mu WhatsApp Business muli malo a katalogi, ikanimo zithunzi ndi mitengo kamodzi, wina akafunsa mungomutumizira linki mmalo momuthira zithunzi 30 zodzaza foni yake.

Chachinayi, yankhani, ndipo yankhani mchilankhulo chomwe wakufunsirani

Munthu amene walemba meseji ali ngati amene waima pa kauntala ya banka (shopu) yanu ndalama ili mmanja, mukamusiya mpaka mawa sadikira. Ndikudziwa kuti simungakhale pa foni tsiku lonse, kuli kumunda, kuli kokaoda, magetsi amazima foni nkuthima. Nchifukwa chake WhatsApp Business ili ndi uthenga wa moni womwe umapita wokha munthu akakulemberani koyamba, ndi wina wonena kuti simulipo. Lembanimo zoona, mwachitsanzo "Zikomo potipeza, tili kokatenga katundu, tikuyankhani ikamakwana 5 koloko madzulo", ndipo 5 koloko ikakwana muyankhedi. Mafunso omwe amabwera tsiku lililonse, monga muli pati, mumatumiza ku Moatize, ndilipira bwanji, asungeni ngati mayankho achangu kuti musamalembe mobwereza.

Za chilankhulo ndimaona anthu akulakwitsa kwambiri. Wina akulemba Chipwitikizi chapamwamba chokhachokha kuti aoneke wa kampani, pomwe omwe amagula feteleza ndi mbewu zake ndi alimi a ku Macanga omwe amayankhula Chichewa tsiku lonse. Wina akufuna kugulitsa ku Tete ndi Moatize komwe kuli Chinyungwe komanso anthu obwera kudzagwira ntchito ku migodi ya malasha kuchokera zigawo zina, koma akulemba Chichewa chokha. Ganizani kaye kuti wogula wanu ndi ndani. Palibe cholakwika kulemba mizere iwiri ya Chichewa ndi iwiri ya Chipwitikizi pa positi imodzi. Ndipo wina akakutumizirani voice muyankheni ndi voice, mwina kuwerenga kumamuvuta ndipo sangakuuzeni. Ulemu nawo usathawe chifukwa muli pa foni, munthu simukumudziwa ndi bambo, mayi, achimwene, achemwali, osati "iwe" kapena "ukufuna zingati".

Chachisanu, musakakamize anthu

Kudzuka mmawa nkupeza wakulowetsa mu gulu la malonda osakupempha, mameseji 200, palibe amene amakondwa nazo, ndipo anthu akakuchitani ripoti ambiri WhatsApp ikhoza kutseka nambala yanu. Njira yabwino ndi status, yomwe imakhala maola 24, ndi broadcast, yomwe imatenga anthu mpaka 256 pa mndandanda umodzi ndipo uthenga umafika kwa aliyense payekha. Koma dziwani kuti broadcast imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, nde aliyense akagula mupempheni, "mayi sungani nambalayi kuti katundu watsopano akafika muzidziwa". Pa status zinthu zitatu kapena zisanu zabwino zikukwana, mukaika 40 timizere tija timachita kuchepa ngati nyerere ndipo munthu amangodumpha. Komanso si positi iliyonse ikhale gulani gulani. Wa mbewu auze anthu nthawi yabwino yodzala, wa saluni aonetse kasamalidwe ka tsitsi nthawi ya fumbi, anthu amabwerera komwe amaphunzirako kanthu.

Chachisanu ndi chimodzi, wodandaula musamutukwane

Tsiku lina wina adzalemba pa peji yanu kuti munamugulitsa zoola kapena katundu anachedwa. Mtima udzapsa, makamaka ngati akunama. Musayankhe nthawi yomweyo, ndipo musafufute pokhapokha ngati ndi zotukwana. Kumbukirani kuti yankho lanu akuwerenga ndi anthu mazana omwe sanalembe kanthu, ndipo akuona mmene mudzawachitire iwowo zikadzavuta. Yankhani mwachidule poyera, "Pepani bambo, tatumizani nambala yanu tikuimbireni tikonze", kenako nkhaniyo mukaithere pa foni. Ngati munalakwadi bwezani kapena sinthani katundu.

Chinanso chomwe chafala nkuposita chithunzi cha munthu wa ngongole kuti achite manyazi. Ndimamvetsa kuwawa kwa kubedwa mpamba, koma zimenezi zimaopseza makasitomala abwino omwe, zimadanitsa mabanja, ndipo zikhoza kukufikitsani ku polisi inuyo. Ngongole kaitsateni kwa mwini wake, zikakanika kuli a mfumu ndi akuluakulu a msika. Zithunzi za makasitomala, makamaka ana, pemphani kaye musanaike. Za zipani nazo zisiyeni ku akaunti yanu, pa shopu pamagula aliyense.

Chachisanu ndi chiwiri, tetezani ndalama ndi akaunti

Nambala yolandirira ndalama ikhale imodzi pa M-Pesa ndi imodzi pa e-Mola, zosasinthasintha, ndipo muuzeni kasitomala dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa. Lero nambala ya mkazi wanu, mawa ya mlamu, munthu amayamba kukaika. Wina akakutumizirani chithunzi kapena meseji yoti walipira musatulutse katundu kaye, lowani nokha pa *150# ngati ndi M-Pesa kapena *898# ngati ndi e-Mola muone ngati ndalama yalowadi, mameseji abodza alipo ambiri, pamodzi ndi aja oti ndatumiza molakwitsa bwezani.

Akuba ena safuna katundu, amafuna akaunti yanu kuti azipempha ndalama kwa makasitomala anu mdzina lanu. Amaimba kapena kulemba kuti mwalandira kodi ya manambala 6 pa SMS, titumizireni. Kodi imeneyo ndi kiyi wa WhatsApp yanu, musapatse aliyense olo atanena kuti ndi wa kampani ya foni. Lowani mu settings muyatse two-step verification lero lomwe, muike PIN yomwe si deti yanu yobadwa. Ku Facebook samalani ndi mameseji oti peji yanu itsekedwa dinani apa, ambiri ndi misampha yotengera pasiwedi.

Ndipo ili ndi la eni mabizinesi akuluakulu amene foni zimawavuta. Ndi bwino mphwanu kapena wantchito kukuthandizani kuyendetsa peji, koma peji itsegulidwe ndi akaunti yanu, nambala yanu, inuyo mukhale mwini ndipo iyeyo mumupatse mphamvu yongoposita ndi kuyankha. Mukadzasiyana kapena akadzapita kukafuna ntchito ku Beira kapena ku Joni, peji ndi makasitomala onse asapite naye.

Chomaliza, werengani zogula osati ma like

Kugula ma followers ndi kutaya ndalama, anthu 10,000 a kunja omwe sadzagula olo tomato mmodzi sakuthandizani. Ngati mwaganiza zolipira Facebook kuti positi ifike patali, sankhani dera lomwe mungathe kufikitsako katundu, Ulongwe ndi madera ozungulira kapena Tete ndi Moatize, osati Mozambique yonse mpaka ku Maputo, yambani ndi ndalama yochepa, ndipo positiyo ikhale kale ndi mtengo ndi nambala. Kenako gulani kope wamba. Aliyense wogula mufunseni kuti anakuonani kuti, lembani dzina, nambala, chomwe wagula ndi komwe amakhala. Pakutha pa mwezi mudzaona nokha ngati ndi status, gulu la pa Facebook kapena TikTok yomwe ikubweretsa ndalama, ma megas anu muziika kumeneko. Kopelo lilinso ndi ntchito ina, tonse tikukumbukira kumapeto kwa 2024 zitachitika zisankho pomwe intaneti ya pa foni inkadulidwa ndipo Facebook ndi WhatsApp zinkavuta kutsegula, amene anali ndi manambala a makasitomala polemba ankatha kuimba kapena kutumiza SMS geni nkumayenda. Foni imabedwa, akaunti imatsekedwa, nde Loweruka lililonse mukamatseka banka khalani pansi mukopere manambala atsopano a sabata imeneyo mu kope.