Nyale ya injini ikayaka pa galimoto yakale: pezani chavuta musanagule sipeya

Kanyale kachikasu ka chithunzi cha injini kakayaka pa dashibodi, ena amachotsa waya wa batire kuti kazime, ena amathamangira kukagula sensa yatsopano. Chonde musachite chilichonse mwa ziwirizi. Kompyuta ya galimoto imakhala itasunga zomwe yaona, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kuziwerenga zisanafufutike.

Yambani ndi kuona mmene nyaleyo ikuyakira. Mukangotembenuza kiyi injini isanalire, nyale zonse zimayaka, ndipo palibe chodetsa nkhawa. Ya injini ikapanda kuyaka nthawi imeneyi, babu lapsa kapena wina analichotsa dala, zomwe zimapezeka pa galimoto yomwe yadutsa m'manja ambiri. Ikayaka osazima injini ikulira, koma galimoto ikukoka bwino, mukhoza kukafika kunyumba. Ikamaphethira, chepetsani liwiro ndipo muime. Kuphethirako kukutanthauza kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, ndiye petulo wosapsa akulowa mu ekizozi ndipo angathe kusungunula mkati mwa catalytic converter, chitsulo cha mu ekizozi chomwe chimayeretsa utsi. Ikayaka yofiira ya oyilo, kapena muvi wa kutentha ukakwera, zimitsani injini pomwepo.

Chachiwiri, gwiritsani ntchito maso ndi makutu. Mangani bwino chotsekera thanki ya mafuta, chifukwa pa magalimoto ambiri a petulo chikakhwepa kapena labala wake akatha, nyale imayaka. Tsegulani boneti, gwirani mapayipi a labala mmodzimmodzi, muone mawaya othothoka kapena odyedwa ndi makoswe. Ngati muli ndi mita, yezani batire: injini itazima liziwerenga pafupifupi 12.6 V, ikulira pakati pa 13.5 ndi 14.5 V. Magetsi akachepa, kompyuta imanamizira masensa abwinobwino.

Tsopano werengani khodi, yomwe ndi nambala ya vuto imene kompyuta yasunga. Magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ndi a petulo a ku Ulaya kuyambira 2001, ali ndi soketi ya OBD-II ya mabowo 16, kawirikawiri mmunsi mwa chiwongolero chakumaondo kwa dalaivala. Lowetsanimo sikana, kachipangizo kowerengera khodi, tembenuzani kiyi osaliza injini, muwerenge. Kasikana kakang'ono ka ELM327 kamalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, ndipo pulogalamu ngati Torque imaonetsa khodiyo. Ilembeni papepala pamodzi ndi zomwe kompyuta inajambula panthawi yomwe vuto limachitika: liwiro la galimoto, kutentha kwa injini ndi kuzungulira kwake. Vuto lobwera injini ili yozizira n'losiyana ndi lobwera mutayenda ola lathunthu.

Magalimoto ena opangidwira msika wa ku Japan ali ndi soketi yomweyo koma salankhulana ndi sikana wamba, ndipo ena akale kwambiri alibiretu. Musataye mtima. Pa Toyota zambiri za zaka za m'ma 1990 muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pansi pa boneti. Kiyi ali chozimitsa, lumikizani bowo la TE1 ndi la E1 ndi kawaya, kenako tembenuzani kiyi n'kuwerenga kuphethira kwa nyale. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethiranso kamodzi, khodi ndi 21, ya sensa ya okosijeni. Ikakhala 22, ndi sensa ya kutentha kwa madzi. Ikamangophethira mofanana osapumira, palibe chomwe kompyuta yasunga. Onetsetsani zilembo za pachivindikiro cha kabokosiko musanalowetse waya, poti kulumikiza mabowo olakwika kumawotcha fyuzi, mwinanso kompyuta yeniyeniyo.

Apa ndi pomwe ndalama za anthu zimathera, choncho ndifatsepo. Khodi sikuuzani chitsulo choti mugule. Imangokulozerani dera lomwe kompyuta yaona zachilendo. Tengani P0171, yomwe imati mpweya wachuluka kuposa mafuta. Galimoto yanga itaonetsa khodi imeneyi ndinatsala pang'ono kugula sensa ya okosijeni. Mmawa wina ndinaweramira injini ikulira payokha, ndipo ndinamva kamluzu kakang'ono kuseri kwa bokosi la sefa ya mpweya. Nditapinda payipi yaikulu ija ndi dzanja, mng'alu unatseguka m'makwinya ake, wautali ngati chala. Sensa inkanena zoona, wolakwa anali payipi. Khodi yomweyi imabweranso sensa yoyeza mpweya wolowa ikada ndi fumbi, kapena pampu ya mafuta ikafooka. Sikana yanu ikamaonetsa fuel trim, kutanthauza mlingo wa mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa, yang'anani: ikapitirira +10% injini ikulira payokha koma n'kutsika mukaponda moto, kawirikawiri pali podontha mpweya.

P0301 mpaka P0304 ndi za silinda yomwe ikudukiza kuwotcha, ndipo nambala yomaliza ndiyo ya silindayo. Ngati silinda iliyonse ili ndi koilo yake, yomwe imapereka magetsi ku pulagi, sinthanitsani koilo ya silinda yodwala ndi ya ina, fufutani khodi, muyendetse. P0302 ikasanduka P0303, vuto lasamuka ndi koilo, ndiye mwaipeza. Ikakhala pomwepo, chitani chimodzimodzi ndi pulagi. Pochotsa pulagi dikirani injini izizire, ndipo muione kunsonga: yakuda ndi mwaye, yonyowa ndi oyilo, kapena yodyeka. Zonse zikakhala bwino, otsala ndi injekita ndi mphamvu ya silinda yopanikiza mpweya, zomwe zimafuna geji ya makaniko.

P0420 imaopseza anthu chifukwa imatchula catalytic converter, chitsulo chodula. Musanaigule, onani ngati ekizozi sikudontha pafupi ndi masensa, ndipo funsani chomwe chinaipha, chifukwa injini yodukiza kapena yodya oyilo idzaphanso yatsopanoyo. P0128 nthawi zambiri ndi thermostat, kachitseko ka madzi oziziritsa injini, yomwe yakanirira chotsegula, injini n'kumachedwa kutentha. P0442 ndi P0455 ndi za nthunzi ya petulo yomwe ikuthawa, ndiye bwererani ku chotsekera thanki chija. Makhodi akabwera ambiri nthawi imodzi, kayikirani waya wa ethi kapena fyuzi, chifukwa masensa asanu safa tsiku limodzi.

Mukakonza, fufutani khodi ndi sikana, kenako yendetsani galimoto masiku angapo, mtauni ndi pamsewu waukulu, injini ili yozizira komanso itatentha. Kompyuta imafuna maulendo angapo kuti iyesenso zonse, choncho nyale kuzima tsiku loyamba si umboni woti vuto latha. Pa magalimoto a OBD-II, ngakhale musafufute, nyaleyo imazima yokha pakadutsa maulendo atatu otsatizana opanda vutolo.

Ikayakanso ndi khodi yomweyo, pitani kwa makaniko ndi pepala lanu lija. Muuzeni khodi, nthawi yomwe nyale imayaka ndi zomwe mwayesa kale, ndipo mumupemphe mwaulemu kuti akuonetseni pa mita kapena pa sikana kuti chitsulo chomwe akufuna kusintha chafadi, musanatulutse ndalama ya sipeya.