Katuni ndimayamba ndaionera ndekha, mwana pambuyo

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4, tsiku lina anatenga nsapato n'kumenya nayo mchimwene wake pamutu, kenako n'kuyamba kuseka chikhakhali. Sanali wokwiya ayi. Ankadikira kuti mnzakeyo adzuke n'kuyamba kumuthamangitsa ngati mmene zimakhalira mu Tom and Jerry. Katuni imeneyi inayamba mu 1940, ndipo ine ndinakula ndikuikonda kwambiri. Koma mwana wa msinkhu umenewo sadziwa kuti mutu wa munthu ukatupa subwerera mwakale pompopompo ngati wa mphaka uja. Kuyambira tsiku limenelo, katuni iliyonse yatsopano imadutsa kaye m'maso mwanga.

Nanunso yambani chimodzimodzi. Ana akagona, onerani magawo awiri kapena atatu, osati loyamba lokha, chifukwa gawo loyamba limakhala la ulemu ngati mlendo wongofika kumene. Sizikudyerani nthawi yambiri: gawo limodzi la Bluey ndi pafupifupi mphindi 7, la Peppa Pig mphindi 5.

Musanayatse n'komwe, onani chizindikiro cha msinkhu. Makatuni ambiri ochokera ku America amakhala ndi zilembo izi: TV-Y ndi ya ana aang'ono, TV-Y7 ndi ya ana a zaka 7 kupita m'tsogolo, TV-14 ndi ya achinyamata, ndipo TV-MA ndi ya akuluakulu okha. Si chojambula chilichonse chomwe ndi cha ana. South Park ndi Family Guy ndi makatuni ndithu, koma nkhani zake ndi zotukwana zake anazikonzera anthu akuluakulu.

Chimene ine ndimayang'anitsitsa kwambiri ndi liwiro. Ndimatsitsa mawu n'kuwerenga kuti chithunzi chasintha kangati pa mphindi imodzi. Chikamangosinthasintha, mitundu ikuthwanima, aliyense akukuwa, imeneyo ndimaisiya. Mu 2011, wofufuza wina, Angeline Lillard wa ku University of Virginia, anagawa ana a zaka 4 m'magulu atatu. Ena anaonera SpongeBob SquarePants kwa mphindi 9, ena katuni yoyenda pang'onopang'ono, ena anangopatsidwa zojambulira. Atangomaliza anawapatsa timayeso tofuna kudekha ndi kutsatira malangizo, ndipo a SpongeBob aja ndi amene anachita mofooka. Anayeza za nthawi yomweyo basi, osati za moyo wonse, komanso katuni imeneyo anaikonzera ana okulirapo. Komabe zimagwirizana ndi zimene ndimaona pakhomo panga: katuni yothamanga ikatha, mwana amakhala ngati walumidwa ndi linthumbu, ndipo kumulanda rimoti ndi nkhondo.

Kenako mvetserani mmene mkangano umathera m'nkhanimo. Apa makolo ambiri timapusitsika. Katuni ikhoza kukhala ndi phunziro labwino kumapeto, koma ngati kwa mphindi 10 mwana wa m'katunimo wakhala akuchita mwano, kunama ndi kunyoza anzake, n'kudzapepesa m'masekondi ochepa omaliza, wanu wamng'onoyo atola mwanowo n'kusiya kupepesako. Ndimasankha katuni yomwe khalidwe labwinolo limaoneka nthawi yaitali. Daniel Tiger's Neighborhood, yomwe inayamba mu 2012, imatenga vuto limodzi lokha, monga kukwiya kapena kudikira kuti nthawi yako ifike, n'kulibwerezabwereza ndi kanyimbo kakafupi mpaka mwana atakaloweza. Bluey, ya ku Australia, yomwe inayamba mu 2018, ndimaikonda pa chifukwa china: ndi nkhani ya banja la agalu, ndipo bambo ndi mayi a m'banjamo amasewera ndi ana awo, amatopa, amalakwitsa, n'kupepesa. Nthawi zina ndimaona kuti phunzirolo likulunjika kwa ine kuposa kwa mwana.

Ngati mukufuna za masamu ndi zilembo, yesani Numberblocks ya BBC, mmene manambala ndi timabuloko toti 2 ndi 3 akaphatikana amasanduka 5 mwana akuona ndi maso. Palinso Akili and Me ya bungwe la Ubongo la ku Tanzania, imene imapezeka m'zinenero zingapo za mu Africa.

Pa YouTube chenjerani kawiri. Cha m'ma 2017 kunamveka kwambiri za mavidiyo abodza amene ankagwiritsa ntchito nkhope za makatuni odziwika, kuphatikizapo Peppa Pig, koma mkati mwake muli zoopsa ndi zonyansa. Yang'anani dzina la tchanelo ngati ndi la eni ake enieni, ndipo zimitsani autoplay, ija imayambitsa yokha vidiyo ina yoyamba ikatha. Mukaisiya yoyaka, inu mwasankha vidiyo yoyamba yokha, zotsatirazo akusankha ndi makina.

Za nthawi ndinena mwachidule. Malangizo a mu 2019 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ine ndimauza mwana tisanayatse kuti lero tionera magawo awiri, ndipo TV amazimitsa yekha.

Mayeso omaliza amachitika TV itazima. Kwa masiku angapo muzimvetsera mmene akusewerera ndi mawu amene akulankhula kwa zidole zake. Mufunseni kuti, "Kodi uja analira chifukwa chiyani?" Akatha kukufotokozerani nkhaniyo, ndiye kuti ndi ya msinkhu wake. Akangokumbukira kugwa ndi kumenyana, kapena akayamba kudzidzimuka usiku, ichotseni kaye, mudzaiyesenso akakulirako. Wanga uja, patapita milungu ingapo tikuonera Numberblocks, ndinamupeza atandandalika nsapato zonse za m'nyumba pansi, akuziphatikiza ziwiriziwiri n'kumawerenga mokweza. Mchimwene wake anali pambali, akumupatsira imodziimodzi.